Ndalama paulendo wa kunja: momwe imathera komanso momwe mungaitetezere

Nyengo ya tchuthi ikafika, makamaka sukulu zikatsekera ndiponso m'mwezi wa Disembala, Amalawi ambiri amatuluka m'dziko muno kukaona abale kapena kukapitidwa mphepo ku Johannesburg, Cape Town, Zanzibar, Livingstone, Dubai ngakhalenso ku London. Ambiri amakonzekera bwino za tikiti, pasipoti ndi malo ogona, koma nkhani ya ndalama zogwiritsa ntchito kumeneko amaiganizira mochedwa, nthawi zina ali kale pachipata. Mapeto ake, ena amafupikitsa ulendo, ena amakongola kwa abale omwe adapita kukawaona, pomwe ena amangodabwa kuti ndalama zomwe adawerengera kuti zikwanira sabata ziwiri zatha sabata yachiwiriyo isanafike pakati.

Gawo lalikulu la ndalama zotayika chonchi limathera posinthitsa. Nthawi iliyonse imene ndalama ya dziko lina ikusanduka ya dziko linzake, kaya pawindo la banki, pamalo osinthira ndalama, m'makina a ATM kapena posula khadi m'sitolo, pamakhala wina amene akutapapo yake. Wapaulendo sangapeweretu zimenezi, koma angathe kuchepetsa chiwerengero cha malo omwe ndalama zake zikutapidwa, malinga akudziwa momwe zinthu zimayendera.

Mphamvu ya kwacha imathera pachipata

Kwacha ya Malawi ndi ndalama yomwe mabanki ndi malo osinthira ndalama a m'maiko akutali sagula. Munthu amene wafika ku Johannesburg, Nairobi kapena Dubai ndi mpukutu wa ma K5 000 amakhala ngati wanyamula mapepala wamba. Malo okhawo omwe kwacha imalandiridwa kunja ndi m'matauni a m'malire, monga ku Chipata m'dziko la Zambia, ku Kasumulu m'dziko la Tanzania kapena ku Zobue m'dziko la Mozambique, ndipo kumeneko mtengo amaika ndi ogula. Choncho kukonzekera konse kumayenera kuyambira kuno kwathu.

Kuno kwathu nako nkhaniyi ili ndi zake zovuta. Dziko lino lakhala likusowa ndalama zakunja kwa zaka zingapo tsopano, chifukwa katundu amene timagula kunja, monga mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala, ndi wochuluka kuposa amene timagulitsa. Banki yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti m'mwezi wa Meyi 2022, ndipo idaichepetsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe mtengo wogulitsira dola imodzi udachoka pa K1 180 kufika pa K1 700. Ngakhale zidatero, madola m'mabanki sadachuluke kufika pokwanira aliyense.

Izi zikutanthauza kuti munthu amene akufuna ndalama za paulendo sayenera kudikira sabata yonyamuka. Pempho likaperekedwe kubanki kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama, omwe ambiri amangowatchula kuti ma forex bureau, kudakali sabata zingapo. Amafuna pasipoti ndi umboni wa ulendo, monga tikiti ya ndege kapena ya basi. Kuchuluka kwa ndalama zomwe munthu mmodzi angagule kumatsatira malangizo a banki ya Reserve, omwe amasinthasintha, kotero ndi nzeru kufunsa msanga kuti mudziwe mlingo umene ukugwira ntchito panthawiyo. Mukagula, sungani lisiti pamodzi ndi pasipoti, chifukwa ndilo umboni wokhawo woti ndalamazo mudazipeza m'njira yovomerezeka.

Mabanki akakanika kupereka, ambiri amathamangira kwa mavenda a ndalama m'misewu ya ku Limbe, ku Lilongwe ndi m'malire. Kumeneko dola imapezeka, koma pamtengo wokwera kwambiri kuposa wa kubanki, ndipo malondawo ndi oletsedwa ndi malamulo a dziko lino. Wogula sapatsidwa lisiti, choncho akafunsidwa pabwalo la ndege la Kamuzu kapena pachipata cha Mwanza za komwe adazitenga, amasowa chonena. Anthu akhala akumangidwa ndi kulandidwa ndalama pamalo oterewa poganiziridwa kuti akuzembetsa ndalama zakunja. Ndiponso amene wapatsidwa dola yachinyengo mumsewu alibe kokadandaula, popeza pofotokoza nkhaniyo amakhala akudziulula yekha.

Mitengo iwiri ya pabolodi

Pamalo alionse osinthira ndalama pamakhala bolodi lokhala ndi mitengo iwiri pa ndalama iliyonse. Mtengo umodzi ndi womwe eni malowo amagulira ndalamayo kwa inu, winawo ndi womwe amakugulitsirani. Wogulira umakhala wotsika, wogulitsira umakhala wokwera, ndipo mpata wa pakati pa iwiriyi ndiwo phindu lawo.

Tiyerekeze kuti pamalo ena ku Johannesburg akugula dola pa R17 n'kumagulitsa pa R19. Mukapereka madola 100, mulandira R1 700. Mutasintha maganizo nthawi yomweyo n'kupempha kuti akubwezereni madola, R1 700 ija ikupatsani madola 89 ndi masenti ochepa. Madola oposa 10 apita musanagule ngakhale botolo la madzi. Ichi n'chifukwa chake poyerekeza malo awiri, chofunika kuyang'ana ndi kukula kwa mpata wa pakati pa mitengo iwiriyo. Mpata ukakhala waukulu, malowo ndi odula.

Malo ena amaika chikwangwani chonena kuti sadula komishoni. Mawuwa amakopa, koma nthawi zambiri komishoniyo amakhala ataibisa m'mtengo wosinthira. Ena amaonetsa mtengo wokongola pabolodi, kenaka n'kudula ndalama ina ya ntchito pamapeto, kapena kunena kuti mtengowo ndi wa okhawo amene akusintha ndalama zambiri. Funso lothandiza ndi limodzi lokha, ndipo lifunsidwe ndalama zidakali m'manja mwanu: ndikapereka zakutizakuti, ndilandira zingati zonse zitachotsedwa? Safunsa adadya phula.

M'mabwalo a ndege, m'mahotela ndi m'malo odzaza alendo mitengo imakhala yoipa kuposa ya m'kati mwa tauni, chifukwa lendi ya malowo ndi yokwera ndipo eni ake amadziwa kuti mlendo wongotsika kumene alibe kwina kolowera. Pabwalo la ndege sinthani zochepa zokwanira thiransipoti ndi chakudya cha tsiku loyamba, zotsalazo mukasinthe m'tauni mutayerekeza malo awiri kapena atatu.

Kusintha kawiri, kutaya kawiri

Amalawi ambiri amaona dola ya ku America ngati ndalama ya ulendo ulionse. Zoonadi dola imasinthika pafupifupi kulikonse, koma imabweretsa kusintha kowonjezera. Munthu wopita ku South Africa akagula madola kuno, n'kukawasandutsa marandi kumeneko, wasintha kawiri. Zikatsala, n'kuzibwezera ku madola, kenaka ku kwacha, wasintha kanayi.

Tiyerekezenso kuti pakusintha kulikonse mukutaya K5 pa K100 iliyonse. Pa K1 miliyoni, kusintha koyamba kukusiyirani ndalama yofanana ndi K950 000, kwachiwiri K902 500, kwachitatu pafupifupi K857 000, ndipo kwachinayi pafupifupi K814 500. Ndalama zoposa K185 000 zingathe kuthera m'njira yokhayokha. Choncho ngati marandi akupezeka kubanki yanu ndipo mukupita ku South Africa, gulani marandi. Randi imagwiranso ntchito ku Lesotho, Eswatini ndi Namibia, komwe ndalama za maikowo zili ndi mphamvu yofanana ndi ya randi. Chofunika kukumbukira n'chakuti ndalama za maiko atatuwa sizilandiridwa m'masitolo a ku South Africa, ndiye chenji cha ku Windhoek kapena ku Maseru chithere komweko.

Pali maiko ena omwe dola ndiyo yoyenera kunyamula. Ku United Arab Emirates, dirham idamangiriridwa ku dola pamtengo wa 3.6725, ndipo ku Saudi Arabia riyal ili pa 3.75. Mitengoyi sisintha tsiku ndi tsiku, kotero mlendo wa ku Dubai kapena wopita ku Hajj angathe kudziwiratu zomwe ayenera kulandira ndi kuzindikira msanga ngati wina akumudyera masuku pamutu. Ku Zimbabwe, ngakhale boma lidakhazikitsa ndalama yatsopano ya ZiG mu Epulo 2024, dola ikugwirabe ntchito kwambiri m'masitolo ndi m'malo a alendo ngati Victoria Falls. Vuto la kumeneko ndi chenji, choncho madola ang'onoang'ono a 1, 5 ndi 10 amathandiza kuposa pepala limodzi la 100.

Ku Tanzania zinthu zidasintha m'chaka cha 2025, pomwe boma lidakhazikitsa malamulo oti mitengo ya katundu ndi ntchito za m'dzikomo izilembedwa ndi kulipiridwa m'mashilingi. Wopita ku Dar es Salaam kapena ku Zanzibar akonzekere kusintha madola ake m'mabanki kapena m'malo ovomerezeka. Wopita ku Zambia asasokonezeke ndi dzina: kwacha ya kumeneko ndi ina, ndipo ili ndi mphamvu zambiri kuposa yathu, moti mtengo wa K200 pa chakudya ku Lusaka si K200 ya ku Lilongwe. Nako ku Ulaya si maiko onse omwe amagwiritsa ntchito yuro. Britain ili ndi paundi, Switzerland ili ndi franc, ndipo Sweden, Denmark ndi Poland nawo ali ndi ndalama zawozawo.

Si pepala lililonse limene limalandiridwa

Ku America dola yakale ndi yatsopano zili ndi mphamvu yofanana, koma kunja kwa dzikolo nkhani ndi ina. M'maiko ambiri a kum'mawa kwa Africa, malo osinthira ndalama amakana madola osindikizidwa kalekale, ong'ambika, othimbirira kapena olembedwalembedwa, ndipo akawalandira amawagula pamtengo wotsika. Amakonda kwambiri pepala la madola 100 lokhala ndi mzere wabuluu pakati, lomwe lidayamba kuyenda m'chaka cha 2013. M'maiko omwewo, mapepala a 50 ndi 100 amagulidwa pamtengo wabwinoko kuposa ang'onoang'ono. Pogula madola kuno kwathu, onani chaka cha pepala lililonse musanachoke pawindo, ndipo powasunga musawapinde kapena kuwanyowetsa.

Amene adasunga ndalama zotsala paulendo wa zaka zapitazo afufuze ngati zikugwirabe ntchito. Ku Britain, mapaundi 20 ndi 50 apepala adasiya kulandiridwa m'masitolo pa 30 Sepitembala 2022, ndipo m'malo mwake muli apulasitiki. Akalewo amasinthidwa ku Bank of England. Zambia nayo idatulutsa ndalama zatsopano m'chaka cha 2025. Ndalama zachitsulo za dziko lina malo ambiri osinthira ndalama sagula, choncho zimenezo muzimalize musanakwere ndege yobwerera.

Khadi ndi makina a ATM

Kunyamula ndalama zonse m'thumba n'koopsa, ndipo m'mizinda ina ndalama zapepala sizilandiridwa paliponse. Mabasi a mumzinda wa London, mwachitsanzo, adasiya kulandira ndalama za m'manja m'chaka cha 2014. Khadi lokhala ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard ndi lofunika, koma limafuna kulikonzekeretsa.

Chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mabanki a m'dziko muno amaika malire pa ndalama zomwe khadi la akaunti ya kwacha lingagwiritse ntchito kunja. Munthu angathe kukhala ndi mamiliyoni ku akaunti koma khadi n'kukana kulipira hotela ku Cape Town. Musananyamuke, pitani kubanki yanu mukafunse ngati khadi lanu ndi lotsegulidwa kugwira ntchito kunja, mlingo wake patsiku ndi pamwezi, tsiku lomwe lithere mphamvu, komanso ndalama zomwe amadula mukatapa kapena mukagula. Auzeninso maiko omwe mukupita ndi masiku ake, kuopa kuti makompyuta a banki angatseke khadi poganiza kuti labedwa.

Munthu akatapa ndalama pamakina a ATM kunja, malo odulidwa amatha kukhala anayi. Mwini makina amadula yake. Kampani ya khadi imasintha ndalama ya dzikolo pamtengo wake, ndipo pa khadi la kwacha kawirikawiri kusinthako kumadutsira ku dola. Banki yanu imaonjezera gawo lake pamtengo wosinthira. Pomaliza imadulanso ndalama yotapira kunja. Zina mwa ndalama zimenezi zimakhala zokhazikika, kutanthauza kuti sizisintha kaya mwatapa zambiri kapena zochepa. Ngati makina akudula R50 nthawi iliyonse, munthu wotapa R500 kasanu ndi kamodzi walipira R300 pa R3 000, yomwe ndi 10 peresenti, pomwe wotapa R3 000 kamodzi walipira R50 yokha. Kutapa pang'onopang'ono kumaoneka ngati kusamala, koma n'kodula. Tapani zokwanira masiku angapo, ndipo m'masitolo akuluakulu, m'mahotela ndi m'malo odyera lipirani ndi khadi, chifukwa potero simulipira mwini makina.

Amene ali ndi khadi la ngongole asamalitapire ndalama, pokhapokha zitavutitsitsa. Ndalama yotapa ndi khadi lotere imayamba kubala chiwongola dzanja tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti mahotela ndi makampani obwereketsa galimoto amagwira ndalama ina pakhadi ngati chikole. Ndalamayo sichotsedwa, koma simungaigwiritse ntchito mpaka ataimasula, ndipo izi zimatha kutenga masiku angapo mutachoka kale pamalopo. Pa khadi lokhala ndi malire ochepa, chikole chimodzi chokha chingathe kutseka njira ya zonse.

Funso limene makina amafunsa

Makina ena a ATM ndi timakina tolipirira m'masitolo, makamaka m'malo a alendo, amafunsa ngati mukufuna kulipira m'ndalama ya dziko lomwe muliro kapena m'ndalama ya khadi lanu. Funsoli limakumana kwambiri ndi omwe ali ndi makadi a madola, mapaundi, mayuro kapena marandi, monga Amalawi okhala kunja ndi omwe ali ndi maakaunti a ndalama zakunja. Kusankha ndalama imene mumaidziwa kumaoneka kwanzeru chifukwa chiwerengero chake chimamveka msanga. Komatu mukatero mwalola mwini makinawo kuti asinthe ndalamayo pamtengo wake, womwe nthawi zambiri umakhala woipa kuposa wa kampani ya khadi.

Yankho lake ndi losavuta: sankhani ndalama ya dziko lomwe muliro. Ku Nairobi lipirani m'mashilingi, ku Dubai m'ma dirham, ku Paris m'mayuro. Makina akakuchenjezani kuti mtengo wosinthira sudziwika mukakana, musaope, kanani ndithu. M'sitolo, yang'anani pakamakina musanalembe nambala yachinsinsi, popeza wogulitsa angathe kukusankhirani osakufunsani.

Kudziteteza kwa akuba

Gwiritsani ntchito makina a m'kati mwa banki kapena m'misika ikuluikulu yokhala ndi alonda, ndipo ngati n'kotheka masana, banki ili yotsegula, kuti makina akameza khadi mupeze wokuthandizani. Ku South Africa mabanki amachenjeza kawirikawiri za akuba omwe amadzionetsa ngati akuthandiza munthu pamakina, n'kumusinthira khadi atasuzumira kale nambala yake yachinsinsi. Musalole thandizo la munthu wosamudziwa, phimbani dzanja polemba nambala, ndipo khadi likatuluka onetsetsani kuti ndi lanudi. Makina ambiri amatseka khadi mukalakwitsa nambala katatu, choncho mukalakwitsa kawiri lekani kaye.

M'malire monga a Songwe, Mchinji, Nyamapanda ndi Beitbridge, osintha ndalama a mumsewu amathamangira basi ikangoima. Chinyengo chawo chimadalira changu: kuwerenga mofulumira, kupinda mapepala kuti awerengedwe kawiri, kubisa ang'onoang'ono pakati pa akuluakulu, kapena kuyambitsa phokoso loti apolisi akubwera ndalama zanu zili kale m'manja mwawo. Mlendo amene sadziwa maonekedwe a ndalama ya dzikolo ndiye amagwa msanga. Musananyamuke, onani zithunzi za ndalamazo pa intaneti ndipo mudziwe mtengo wosinthira wa tsikulo.

Ndalama musaziike malo amodzi. Zina zikhale m'chikwama cha m'manja, zina pathupi, zina m'kabokosi kokhoma ka kuhotela. Ngati muli ndi makadi awiri, asakhale m'kachikwama kamodzi. Lembani papepala nambala ya foni yotsekera khadi kubanki yanu. Simukhadi yanu ya TNM kapena Airtel musaisiye kunyumba, ndipo mufunse kampani yanu ngati idzagwira ntchito kumene mukupita, chifukwa mabanki amatumiza nambala zotsimikizira malonda ndi mauthenga a ndalama zotuluka ku nambala yomwe mudalembetsa. Uthenga umenewo ndiwo ungakudziwitseni msanga kuti wina akugwiritsa ntchito khadi lanu.

Malamulo a pachipata ndi ulendo wobwerera

Maiko ambiri amafuna kuti munthu wonyamula ndalama zochuluka aziulule pachipata. Polowa kapena kutuluka m'maiko a European Union, malire ake ndi mayuro 10 000. Ku Britain ndi mapaundi 10 000, ku America ndi madola 10 000, ndipo ku United Arab Emirates ndi ma dirham 60 000. South Africa nayo ili ndi malire pa kuchuluka kwa marandi apepala omwe munthu angalowe kapena kutuluka nawo popanda chilolezo. Kuulula sikutanthauza kulipira msonkho. Ndi kungolemba fomu ndi kusonyeza komwe ndalamazo zachokera. Amene wabisa n'kugwidwa ndiye amalandidwa ndalamazo, nthawi zinanso n'kulipitsidwa chindapusa kapena kutengeredwa kubwalo la milandu.

Ulendo ukamatha, werengerani zotsala kudakali masiku awiri kapena atatu. Mashilingi a ku Tanzania kapena ku Kenya, ma metical ndi ma dirham ndi ovuta kugulitsa kuno pamtengo wabwino, choncho ndi bwino kuwagwiritsa ntchito polipira gawo la bilu ya hotela kapena thiransipoti ya tsiku lomaliza. Madola, marandi, mapaundi ndi mayuro otsala mungawagulitse kubanki kapena kumalo ovomerezeka mukafika. Malisiti onse a paulendo asungidwe mpaka mutalandira sitetimenti ya banki ndi kuyerekeza zomwe zalembedwamo ndi zomwe mudagula. Mukaona ndalama yodulidwa kawiri kapena malonda omwe simukuwadziwa, kadandauleni msanga, chifukwa madandaulo otere amakhala ndi nthawi yake yowalandirira.

Ndalama ya ulendo wa tchuthi ambiri amaisonkhanitsa kwa miyezi yambiri, ndipo kuisandutsa dola kapena randi m'nyengo ino ndi ntchito payokha. Ulendo umodzi wopita kubanki kudakali nthawi, lisiti losungidwa m'pasipoti, funso limodzi pawindo losinthira ndalama ndi batani loyenera pamakina a ATM ndi zinthu zazing'ono, koma ndizo zimasiyanitsa banja lomwe lamaliza tchuthi chake bwinobwino ndi lomwe likuimbira foni abale kumudzi kupempha ndalama ya basi yobwerera.